Lilongwe mpaka London ndi maola angati? Mmene mungawerengere nokha mtunda ndi nthawi ya ulendo wa pandege

Mwana akapeza malo a sukulu kapena ntchito ku Mangalande, funso loyamba limene makolo amafunsa tikiti isanagulidwe n'komwe ndi lakuti, "Ndiye kumeneko ndi maola angati?" Wina amati 12, wina amati 17, amene anapitako chaka chatha n'kunena kuti iye anayenda tsiku lathunthu ndi kanthu. Palibe akunama. Woyambayo akuwerenga nthawi imene ndege ili m'mwamba, wachiwiriyo akuwerenga kuchokera pa bwalo la ndege lina kukafika pa linzake, wachitatuyo akuwerenga kuyambira pamene anatseka chitseko cha nyumba yake. Inu amene mukukonza ulendo muyenera kudziwa mayankho onse atatu, chifukwa lililonse lili ndi ntchito yake.

Tengani pepala ndi cholembera. Foni ithandiza, koma masamu a nthawi amasokoneza ukamawachitira pamtima. Tigwiritsa ntchito maulendo awiri: wa Lilongwe kupita ku Johannesburg, umene ndi wosavuta, ndi wa Lilongwe kupita ku London, umene uli ndi misampha yonse.

Yambani ndi dzina la bwalo, osati la mzinda

Ndege sizitera mumzinda, zimatera pa bwalo, ndipo bwalo lililonse lili ndi chizindikiro chake cha zilembo zitatu. Bwalo la Kamuzu ku Lumbadzi ndi LLW. La Chileka ndi BLZ. La OR Tambo ku Johannesburg ndi JNB, la Bole ku Addis Ababa ndi ADD, la Jomo Kenyatta ku Nairobi ndi NBO. Zilembozi ndi zimene amamata pa chikwama chanu mukachipereka, choncho ndi bwino kuziloweza.

Pa London m'pamene pamafunika maso. Mzindawu uli ndi mabwalo angapo: Heathrow ndi LHR, Gatwick ndi LGW, Stansted ndi STN, Luton ndi LTN, ndipo alipo enanso. Heathrow ili kumadzulo kwa mzinda, Gatwick kumwera, ndipo kuchoka pa lina kupita pa linzake ndi ulendo wa ola kapena kuposa pa basi. Mukangouza wokakuchingamirani kuti "nditera ku London", simunamuuze kanthu. Lembani pamwamba pa pepala lanu zilembo za bwalo lonyamukira, la pakati ngati lilipo, ndi lofikira: LLW, ADD, LHR.

Pezani mtunda

Njira yachidule ndi ya pa intaneti. Tsamba la Great Circle Mapper limangofuna kuti mulembe LLW-JNB, ndipo limakupatsani mtunda pamodzi ndi mzere wojambulidwa pa mapu. Chimene muyenera kuonetsetsa ndi muyeso umene nambalayo yaperekedwa. Ikakhala m'mamailosi wamba, chulukitsani ndi 1.609 kuti mupeze makilomita. Oyendetsa ndege ndi sitima za pamadzi ali ndi mailosi yawoyawo, imene amalemba nm, ndipo imeneyo ndi makilomita 1.852. Munthu akaona 800 nm n'kuganiza kuti ndi makilomita 800 waphonya ndi pafupifupi theka la ulendo.

Ngati mukufuna kuona kumene nambalayo ikuchokera, kapena muli ndi mwana wa Fomu 3 amene akufunsa kuti masamu a Pythagoras adzamuthandiza chiyani, ulendo wa ku Joni mutha kuuwerenga pa pepala. Digiri imodzi yopita kumpoto kapena kumwera ndi makilomita pafupifupi 111 paliponse pa dziko lapansi. Bwalo la Kamuzu lili pa madigiri 13.8 kumwera kwa equator, la OR Tambo lili pa 26.1. Kusiyana kwake ndi madigiri 12.3, amene akutipatsa makilomita pafupifupi 1,370 otsikira kumwera. Koma Johannesburg ilinso chakumadzulo: Kamuzu ili pa madigiri 33.8 kum'mawa, OR Tambo pa 28.2, kusiyana kwa madigiri 5.6. Madigiri a kum'mawa ndi kumadzulo amafupika ukamatalikira equator, ndipo chapakati pa ulendowu digiri imodzi ndi makilomita pafupifupi 104, choncho apa tapeza makilomita 580. Chulukitsani 1,370 ndi 1,370, chulukitsani 580 ndi 580, phatikizani, pezani square root. Mupeza pafupifupi 1,490, ndipo ndiwo mtunda wa pakati pa mabwalo awiriwa.

Mukaujambula mzerewo pa mapu mudabwa. Umadutsa chapafupi ndi damu la Cahora Bassa ku Mozambique, kulowa mu Zimbabwe chakum'mawa kwa Harare, kudutsa cha ku Masvingo, n'kuwoloka Limpopo pafupi kwambiri ndi Beitbridge. Amene anagonapo pa mzere wa mabasi pa chipata chimenechi amvetsa chifukwa chake ndikunena zimenezi: malo amene pansi amakudyerani usiku wonse, m'mwamba mumawadumpha musanamalize kapu ya tiyi.

Njira ya pa pepalayi musaigwiritse ntchito pa ulendo wa ku London. Imagwira pa mitunda yaifupi, pamene tingayerekeze kuti dziko ndi lafulati ngati mkeka. Pa mitunda italiitali kuzungulira kwa dziko kumalowererapo, ndipo mapu a pakhoma amanamiza. N'chifukwa chake ndege yochoka ku London kupita ku Los Angeles imadzera cha ku Greenland, njira yooneka yokhota pa mapu koma yaifupi mukatenga ulusi n'kuukoka pa mpira. Pa mitunda yotere dalirani intaneti. Kuchokera ku Lilongwe kukafika ku Heathrow, mzere wowongoka ndi makilomita pafupifupi 8,000.

Koma palibe ndege ya anthu imene imayenda mzere umenewo osatera. Muyenera kudzera kwina, ndipo apa m'pamene nambala zimayamba kukuuzani zinthu zothandiza posankha tikiti. Kudzera ku Addis Ababa ndi makilomita pafupifupi 2,600 kuphatikiza 5,900, onse pamodzi 8,500. Kudzera ku Nairobi ndi pafupifupi 1,430 kuphatikiza 6,830, amene ndi 8,260. Kudzera ku Johannesburg ndi 1,490 kuphatikiza pafupifupi 9,070, kutanthauza makilomita oposa 10,500, chifukwa mumayamba mwabwerera kumwera kenako n'kudzadutsanso mtunda womwewo popita kumpoto. Si kuti njira ya ku Joni ndi yoipa. Nthawi zina mtengo wake kapena kudikira kwake kumakhala kwabwino. Ingodziwani kuti mwawonjezera makilomita 2,000 pa msana wanu.

Sandutsani mtundawo kukhala maola

Ndege za jeti, monga Boeing 737 kapena 787, zikafika m'mwamba zimathamanga makilomita pakati pa 800 ndi 900 pa ola. Koma siziyamba ndi liwiro limenelo. Imayamba yakwawa pansi kupita kumene imathamangira, kudikira chilolezo, kukwera, ndipo kumapeto imatsika pang'onopang'ono n'kukwawanso mpaka poimikira. Nthawi yolembedwa pa tikiti imawerenga zonsezi, kuyambira pamene ndege yasuntha pamalo pake kufikira pamene yaima kwinako.

Ine ndimachita chonchi: gawani mtunda ndi 800, kenako onjezerani mphindi 30.

Lilongwe mpaka Johannesburg: 1,490 kugawa ndi 800 ndi 1.86. Apa ambiri amapunthwa. 1.86 si ola limodzi ndi mphindi 86. Ola lili ndi mphindi 60, osati 100, choncho tengani 0.86 muchulukitse ndi 60, mupeza mphindi 52. Ola limodzi ndi mphindi 52, kuonjezera 30 zija, ndi maola awiri ndi mphindi 22. Mukayang'ana matikiti a ndege zosaima panjira muona nambala zozungulira pomwepo. Lilongwe mpaka Addis Ababa masamu omwewa akupereka maola atatu ndi mphindi 45, ndipo matikiti amasewera chapafupi ndi maola anayi. Addis Ababa mpaka Heathrow akupereka maola 7 ndi mphindi 53, tingoti maola 8.

Yang'ananinso mtundu wa ndege, umene nthawi zambiri umalembedwa m'tizilembo ting'onoting'ono pansi pa nambala ya ulendo. Ndege za mapulopela, monga Q400 imene anthu a ku Lilongwe ndi ku Blantyre amaidziwa bwino, zimayenda pang'ono poyerekeza ndi jeti. Pa zimenezi gawani ndi 600. Pa ulendo waufupi ngati wa Lilongwe ndi Blantyre, umene ndi makilomita pafupifupi 245, kusiyana kwake simungakumve, koma pa mtunda wa ku Joni ndi theka la ola kapena kuposa.

Masamuwa ntchito yake si kupikisana ndi kampani ya ndege. Ntchito yake ndi kukuchenjezani. Mukawerenga n'kupeza maola awiri ndi theka, pamene tikiti ikunena maola anayi, dziwani kuti pali china chimene simunachione. Kawirikawiri chimakhala chakuti ndegeyo imatera penapake panjira. M'chingerezi cha makampani a ndege, mawu akuti direct ndi non-stop satanthauza chinthu chimodzi. Non-stop ndi yosatera paliponse. Direct ikhoza kuyamba yatera ku Chileka kutsitsa ndi kukweza anthu, nambala ya ulendo osasintha, inu mutakhala pa mpando womwewo kwa mphindi 40 kapena ola, mukuonera pawindo anthu akulongedza zikwama.

Zinthu ziwiri zimasuntha nambala zanu. Choyamba ndi mphepo ya m'mwamba kwambiri, imene imawomba kuchokera kumadzulo kupita kum'mawa. Ndi imene imachititsa kuti ulendo wa New York kupita ku London ukhale wa maola pafupifupi 7 pamene wobwerera umayandikira maola 8. Ife amene maulendo athu ambiri ndi opita kumpoto kapena kumwera, mphepoyi imatipingasa m'mbali, ndiye kusiyana kwa popita ndi pobwera kumakhala kochepa. Chachiwiri ndi nkhondo. Itabuka nkhondo ku Sudan mu Epulo 2023, mlengalenga mwa dzikolo munatsekedwa, ndipo ndege zochokera kum'mawa kwa Africa kupita ku Ulaya zinayamba kulambalala. Mtunda wa pa mapu sunasinthe, koma mphindi zinawonjezeka. Kuti muone mmene ulendo wanu wakhala ukuyendera masiku apitawa, lembani nambala yake pa tsamba la intaneti la Flightradar24 kapena la FlightAware. Mudzaona nthawi imene inanyamukadi ndi imene inateradi, ndipo ngati ndi ndege yokonda kuchedwa zidzaonekera pomwepo.

Tembenuzani nthawi zonse zikhale za ku Malawi

Gawo lino ndi limene limagwetsa anthu ophunzira bwino lomwe, choncho tiyende pang'onopang'ono.

Nthawi iliyonse yolembedwa pa tikiti ndi ya pamalo pamene chinthucho chikuchitikira. Yonyamukira ndi ya kumene mukunyamukira, yofikira ndi ya kumene mukufikira. Pa ulendo wa ku Joni palibe vuto, chifukwa Malawi, Zambia, Zimbabwe, Mozambique ndi South Africa onse ali pa nthawi imodzi, maola awiri patsogolo pa nthawi ya Greenwich. Mukanyamuka 13:00 n'kutera 15:25, mwayenda maola awiri ndi mphindi 25, basi.

Kenya, Tanzania ndi Ethiopia ali ola limodzi patsogolo pathu. Ikamakwana 12 koloko masana ku Lilongwe, ku Nairobi ndi ku Addis Ababa ndi 1 koloko. Britain ili kumbuyo kwathu, koma kusiyana kwake kumasintha. Kuyambira Lamulungu lomaliza la Malichi mpaka Lamulungu lomaliza la Okutobala amakankhira mawotchi awo patsogolo, ndiye amatsala ndi ola limodzi lokha. Miyezi yotsalayo, ya chisanu kwawoko, amatsala ndi maola awiri.

Tiyerekeze kuti tikiti yanu ndi ya mwezi wa Julaye ndipo yalembedwa motere. Nthawizi ndazipeka kuti tiphunzirirepo, inu mutenge za pa tikiti yanu.

LLW 14:30 Lolemba, kufika ADD 19:30
ADD 01:00 Lachiwiri, kufika LHR 07:00

Mukangochotsera mmene zalembedweramu, gawo loyamba likuoneka la maola asanu, lachiwiri la maola 6. Zonse ziwiri ndi zabodza. Jambulani mzere pakati pa pepala, mbali ina mulembe nthawi ya pa tikiti, mbali ina nthawi ya kumudzi. 14:30 ya ku Lilongwe ikhala momwemo. 19:30 ya ku Addis Ababa, chotsanipo ola limodzi, ndi 18:30 kwathu: mwauluka maola anayi. 01:00 ya ku Addis Ababa ndi 00:00 kwathu. 07:00 ya ku London mu Julaye, onjezeranipo ola limodzi, ndi 08:00 kwathu: mwauluka maola 8. Tsopano nambala zikugwirizana ndi masamu a mtunda aja, ndipo kugwirizana kumeneku ndi chizindikiro chakuti simunalakwitse.

M'mwamba mwakhalamo maola 12. Kuchokera 14:30 Lolemba kufika 08:00 Lachiwiri ndi maola 17 ndi theka. Maola asanu ndi theka otsalawo mwawathera pa mipando ya pa Bole. Ulendo womwewu mu Disembala, ndege yonyamuka nthawi yomweyo n'kuuluka maola omwewo idzalembedwa kuti ikufika 06:00, chifukwa ku London wotchi yabwerera m'mbuyo. Ndegeyo sinawonjezere liwiro.

Ku Ethiopia kuli kanthu kena koti mukadziwe. Anthu akumeneko pocheza amawerenga maola kuyambira m'bandakucha, moti 7 koloko yathu ya m'mawa kwa iwo ndi ola loyamba. Olankhula Chiswahili amachitanso chimodzimodzi. Matikiti ndi zikwangwani za pa bwalo zimatsata nthawi imene tonse tinazolowera, koma ngati mwagona mumzinda n'kupangana ndi woyendetsa galimoto kuti adzakutengeni, musonyezeni nambala pa foni, musangotchula pakamwa.

Tsiku, osati ola lokha

Pafupi ndi nthawi yofikira pamakhala kachizindikiro kakang'ono, +1. Kamatanthauza kuti mufika tsiku lotsatira. Kangapo konse ndaona kakuvutitsa anthu, ndipo kamodzi wolakwa ndinali ine. Azakhali anga ankapita kukaona mdzukulu wawo wobadwa kumene, ndipo ine ndi amene ndinatumiza uthenga kwa msuweni wanga kuti amayi ake afika Lachisanu 7 koloko m'mawa. Lachisanu linali tsiku lonyamuka. Mnyamatayo anapempha tchuthi kuntchito, nadzuka usiku, nayendetsa galimoto maola atatu, n'kukaima potulukira anthu atanyamula jekete la amayi ake m'manja. Pa nthawi imeneyo azakhaliwo anali pakhomo ku Lilongwe akumangabe ufa ndi usipa m'mapepala. Atandiimbira sanakalipe. Anangofunsa kuti, "Achimwene, Lachisanu lake liti?" Ndalama ya poimika galimoto ndi ya mafuta ndinabweza ndine.

Msampha wina ndi wa ndege zonyamuka pakati pa usiku. Tikiti ikati 00:40 pa 15, muyenera kukhala pa bwalo madzulo a pa 14. Amene amafika usiku wa pa 15 amapeza ndege yawo inapita kale usiku wathawo. Matikiti amalemba maola mpaka 24, ndiye 01:00 ndi usiku, 13:00 ndi masana. Muwafotokozere bwino achikulire amene anazolowera kunena kuti 1 koloko basi.

Yesani kudikira kwa pakati

Nthawi ya pakati pa ndege ziwiri ndi yosavuta kuwerenga, chifukwa yofikira ndi yonyamukira zonse ndi za malo amodzi. Chovuta ndi kuweruza ngati ikukwanira. Ola limodzi pa pepala limaoneka lambiri, koma ndege imayamba kukweza anthu mphindi 40 kapena kuposa isananyamuke, chipata chimatsekedwa nthawi isanakwane, ndipo inu muyenera kutsika, mwina kukwera basi ya pa bwalo, kudutsanso pa makina ounika katundu, ndi kufunafuna chipata chanu. Kwa munthu woyenda koyamba, kapena mayi amene ali ndi mwana kumsana, ine sindivomereza kudikira kochepera maola awiri.

Funsani funso ili musanalipire: kodi ulendo wonsewu uli pa tikiti imodzi? Ukakhala pa tikiti imodzi, zikwama zanu nthawi zambiri zimapita zokha mpaka kumapeto, ndipo ndege yoyamba ikachedwa kampani ndi imene imakupezerani ina. Mukagula matikiti awiri osiyana pofuna kupulumutsa ndalama, pa bwalo la pakati muyenera kudutsa kwa a zolowa ndi kutuluka, kutenga zikwama, n'kukaziperekanso ngati mukuyamba ulendo watsopano. Pamenepo maola anayi si ambiri, ndipo mukaiphonya yachiwiriyo ndi zanu.

Kudikira kotalika kulinso ndi zake. Kenya ndi Ethiopia ali m'gulu la mayiko amene kumapezeka matenda a yellow fever, ndipo mayiko ena, kuphatikizapo South Africa, amafuna kakhadi kachikasu ka katemera kwa munthu amene wakhala pa bwalo la dziko lotere maola oposa 12. Ngati masamu anu akusonyeza kudikira kwa maola 13, nkhani ya katemera ifunseni musanagule tikiti.

Tsopano werengani kuchokera pakhomo

Iyi ndi nambala imene thupi lanu lidzamve. Yambirani pa nthawi yonyamuka ndege n'kumabwerera m'mbuyo. Pa ulendo wotuluka m'dziko fikani pa bwalo maola atatu ndege isananyamuke. Ena amati ku Lumbadzi n'kochepa anthu, maola awiri akwana. Amaiwala kuti masana ndege zingapo zimanyamuka motsatizana, ndipo mzere wa zikwama umatha kufika pakhomo. Malo operekera zikwama amatsekedwa pafupifupi ola ndege isananyamuke, ndipo akatseka, kuchonderera sikuthandiza. Pa chitsanzo chathu chija, 14:30 kuchotsa maola atatu ndi 11:30.

Bwalo la Kamuzu lili makilomita pafupifupi 25 kumpoto kwa mzinda. Msewu ukakhala wopanda anthu ndi theka la ola, koma wochokera ku Biwi, ku Kawale kapena ku Likuni ayenera kudutsa m'tauni ndi pa Kanengo pamene pamadzaza mathiraki, choncho ikani ola lathunthu. Muchoke pakhomo 10:30. Wochokera ku Kasungu kapena ku Mzuzu ali ndi mwayi umodzi, wakuti mphambano ya ku bwalo amaipeza asanalowe mumzinda. Komabe wa ku Mzuzu ndimamulangiza kuti abwere dzulo lake adzagone kwa abale. Basi ikafa pa Jenda, ndege sidikira.

Kenako pitani kumapeto kwa ulendo muwerenge chopita m'tsogolo, mukadali pa nthawi ya ku Malawi. Mwatera 08:00. Ku Heathrow wokhala ndi pasipoti ya Malawi amaima pa mzere wa alendo kuti aonetse visa ndi kuyankha mafunso, ndipo m'mawa ndege zambiri zochokera kutali zimafikira pamodzi. Ikani ola ndi theka pa mzerewo ndi kudikira zikwama: 09:30. Ngati mukupita ku Leeds, sitima ya pansi pa nthaka ya Piccadilly imatenga pafupifupi ola kukafika pa King's Cross, ndipo kuchokera pamenepo sitima ya ku Leeds imayenda maola awiri ndi mphindi pafupifupi 15. Kuphatikizapo kudikira theka la ola pa siteshoni, mukufika cha m'ma 13:15 nthawi ya kwathu. Kuchokera 10:30 Lolemba kufika 13:15 Lachiwiri ndi maola pafupifupi 27. Uja ankati anayenda tsiku lathunthu ndi kanthu sankakokomeza.

Nambala imeneyi ndi imene ikuuzeni kuchuluka kwa mankhwala a shuga kapena a BP oti akhale m'kachikwama ka m'manja osati m'chikwama chachikulu, matewera a mwana oti mutenge, ndi ngati n'kwanzeru kulonjeza abwana kuti muyamba ntchito tsiku lofikalo.

Pa ulendo wa ku Joni chitani zomwezo, muona kuti maola awiri ndi theka aja asanduka pafupifupi 8: ola la pamsewu, atatu a pa bwalo, awiri ndi theka m'mwamba, ola la pasipoti ndi zikwama pa OR Tambo, kenako ulendo wolowa mumzinda. Sitima ya Gautrain imafika ku Sandton m'mphindi pafupifupi 15, koma wopita pa Park Station ayenera kusintha sitima panjira. Ngakhale zili choncho, poyerekeza ndi basi yodzera ku Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge, imene imadya tsiku ndi theka zipata zikakhala bwino, kusiyana kwake n'koonekeratu, ndipo mutha kukuika pa sikelo ndi kusiyana kwa mtengo.

Uthenga wopita kwa wokuchingamirani

Pepala lanu tsopano lili ndi mbali ziwiri, ndipo muyenera kusamala kuti aliyense alandire mbali yake. A kumudzi apatseni nthawi ya ku Malawi, kuti amayi asayambe kuda nkhawa 7 koloko pamene inu mukadali m'mwamba: auzeni kuti mudzawaimbira foni cha m'ma 10 koloko m'mawa Lachiwiri. Wokakuchingamirani mupatseni nthawi ya kwawoko monga yalembedwera pa tikiti, osatembenuza chilichonse. Mu uthengawo mukhale dzina la tsiku ndi deti lofikira, zilembo zitatu za bwalo, terminal yake, kutanthauza nyumba imene mudzatulukire, popeza Heathrow ili ndi zingapo, ndi nambala ya ndege yomaliza, osati yoyamba. Ndi nambala imeneyo iye atha kuona yekha pa foni ngati mwachedwa, asanayatse galimoto. Muuzeninso kuti mutuluka patapita ola kapena ola ndi theka ndege itatera.

Pobwerera musatenge pepala lomweli n'kungolitembenuza. Kudikira kwa pakati kumakhala kosiyana, ndipo ngati munapita mu Seputembala n'kubwerera mu Novembala, London idzakhala itasintha wotchi inu muli komweko. Tengani pepala lina, mulembe pamwamba LHR, ADD, LLW, muyambirenso.